Wodwala Wophikira Alendo

Amayi anga anawapeza ndi khansa m'mimba nyengo imene ankasenza thumba la chimanga kuchokera kumunda mpaka pasiteji ya basi osatula. Chimenecho ndicho chinatipweteka. Akanakhala owonda, oyenda chogwira makoma, mwina bwenzi lero ndikulemba nkhani ina.

Tinkakhala ku Manja, m'nyumba ya lendi, kumunsi kwa phiri la Soche. Kwathu kwenikweni ndi ku Chikwawa, cha ku Ngabu. Abambo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Ine ndinali nditangoyamba ntchito yotayipa mu ofesi ina m'tauni, ndipo ndinkadziyesa munthu wodziwa zinthu. Amayi ankalima kamunda kobwereka ku Chigumula, n'kumagulitsa zitumbuwa pakhomo.

Chiyambire ndili mwana, amayi ankadandaula chilungulira. Mankhwala awo anali soda wosungunula m'kapu, ndipo mutu ukawawa ankameza timapiritsi ta pagolosale ngati akudya mtedza. Tsiku lina m'mawa akusesa pabwalo anasanza, m'masanzimo muli timagazi. Anafotsera ndi dothi msangamsanga, koma ine ndinali nditaona kale. Tinakangana mpaka anansi anayamba kusuzumira. Ndinapambana ndine, chifukwa ndinakhala pansi n'kunena kuti kuntchito sindipita mpaka tipite kuchipatala, ndipo akandichotsa ntchito mlandu ukhala wawo.

Kuchipatala chachikulu tinagwera pamwayi umene sindinauzindikire tsiku lomwelo. Kunali dokotala mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, amene anabwera kudzaphunzitsa anzake kwa miyezi yochepa. Anabwera ndi chida chake, chipaipi chakuda chofewa, chonenepa ngati chala, chowala kunsonga. Munthu ankachimeza, dokotala n'kumasuzumira kumbali inayo, n'kuona zonse za m'chifu popanda kung'amba. Ankafuna anthu a chilungulira chosatha, ndiye amayi anawaika pamzere n'kuwauza kuti adzabwere osadya kanthu. Tsikulo anawapopera mankhwala pakhosi, anawalumitsa kapulasitiki, n'kuwagoneka chammbali. Ine ndinaima kunja kwa chitseko ndikumva amayi akulimbana ndi mseru. Anatuluka misozi ili chuchuchu, n'kundiyang'ana ndi diso loipa.

"Mwana iwe, lero wandimezetsa njoka," anatero.

Mlendoyo anali atabudula kanyama pang'ono kuti akakapime. Titabwerera kukamva zotsatira, anatilowetsa m'kachipinda. Amene ankatimasulira anali dokotala wathu wa konkuno, bambo wofatsa wa magalasi, yemwe ankaphunzira ntchito ya chipaipiyo.

"Mayi, chimene tapeza ndi khansa," anatero. "Koma musataye mtima. Ambiri amabwera kuno itadya kale chifu chonse, ife n'kumangowayang'ana. Yanuyi ndi yaing'ono ngati nyemba, ndipo ikadali pamwamba ngati ndere pamwala. Sinazike mizu."

Anafotokoza mmene adzachitire. Adzalowetsa chipaipi chomwecho, adzabaya madzi amchere pansi pa kachotupako kuti katukuke, kenako adzakakola ndi kawaya ngati khwekhwe n'kukadula ndi magetsi. Palibe mpeni, palibe kusoka. Koma zimenezi zimatheka kachotupa kakadali kakang'ono, kasanabooke chilonda pakati, kasanalowe m'mnofu wapansi. Kakalowa pansi sikatukuka ngakhale ubaye madzi ochuluka bwanji, ndipo waya alibe pogwira. Anawaletsa timapiritsi ta mutu tija, ati timachititsa kuti magazi asaundane. Sanabise kuti nthawi zina munthu amataya magazi, kapena chifu chimabooka, moti amayenera kuthamanga naye kukamung'amba. Pomaliza anati mlendoyo adzabwerera kwawo mvula ikamatha, ndipo chida chake adzapita nacho.

Ine mtima unali utayera. Ndinali nditayamba kale kufunsa tsiku loti tibwere pamene amayi anawomba m'manja mwaulemu.

"Ndamva, adokotala. Ndikawauze kaye eni ake."

Eni akewo anali amalume, mchimwene wawo wamkulu wa amayi, mlimi wa thonje kumudzi. Kwathu mwamuna amakwatira mkazi koma sakhala mwini wake. Mkaziyo ndi ana ake ndi mbumba ya mlongo wake wamwamuna, ndipo nkhani ya ukwati, ya matenda aakulu kapena ya maliro siyenda iye asanatsegule pakamwa. Dokotala wa magalasi anayesa kunena kuti chipatala chimangofuna chala cha wodwalayo basi. Amayi anamwetulira monga umamwetulira mwana wa eni akalankhula zachibwana.

Madzulo abambo atabwera ku Limbe, sindinadikire n'komwe kuti avule nsapato.

"Ababa, mkaziyu ndi wanu. Mwakhala naye zaka zonsezi. Nenani liwu limodzi lokha, mawa tipite."

Abambo anayang'ana pansi. Anali munthu woti ngakhale kasitomala awatukwane, ankangopitiriza kupalasa makina. "Mwanawe, amakowa ndi mwana wa eni," anatero. "Atati atsirizikire patebulo pomwepo alamu anga asakudziwa, ine ndidzayankha chiyani?"

Ndinawauza kuti ndi amantha. Inde, ndinawauza bambo anga ondibala mawu amenewo, ndipo amene anandidzudzula anali amayi.

"Tseka pakamwa. Wamva wekha dokotala akunena za kutaya magazi. Ine ndikafa ndapuma. Koma bambo akowa adzawaimika padzuwa pamaliro anga, mudzi wonse ukuwaloza chala kuti anapha mkazi mobisa. Adzawathamangitsa ngati galu, inu ana n'kuwalanda. Zimenezo sindingawasiyire."

Pamenepo ndinazindikira kuti amayi sankaopa chipaipi. Ankatchinjiriza mwamuna wawo. Ndinakwiya koposa.

Tinatuma uthenga kudzera mwa munthu wa kwathu amene ankapita kumudzi. Yankho linabwera mochedwa, loti amva, abwera akamaliza kupopera thonje. Thonje silitha kupopera, aliyense wa kuchigwa amadziwa. Loweruka lotsatira ndinanyamuka ndekha. Pasiteji ya Wenela achinyamata a chipani anali ataima pakhomo la basi kuona makadi a chipanicho, ndipo ine amene ndinkakonda kung'ung'udza chamumtima ndinatulutsa yanga asanandifunse n'komwe, kuopa kuti angandichedwetse. Basi inatsika mapiri aja ikulira mabuleki. Titafika ku Thabwa kutentha kunatilandira, ndipo ndinafika kumudzi bulauzi itamatirira kumsana.

Amalume ndinawapeza m'munda, mpope uli kumsana. Anali munthu wamtali, wosalankhula kawiri. Anandilandira bwino, anakhala pamthunzi, n'kumvetsera nkhani yonse mpaka pamapeto. Kenako anayamba kufunsa.

"Akudya?"

"Akudya, amalume."

"Akuyenda?"

"Akuyenda."

"Nanga kumunda kuja akupita?"

Ndinavomera.

"Ndiye akudwala pati?"

Ndinayesa za nyemba, za ndere pamwala, za mizu. M'kamwa mwa dokotala zinkamveka, koma m'kamwa mwanga, pakati pa munda wa thonje, zinkamveka ngati nthabwala. Choipitsitsa, amayi ena a m'mudzimo anali atapita pa lole ku Blantyre kukavina pamsonkhano wa chipani, ndipo anawaona amayi anga ali kutsogolo kwa mzere, akutsogolera nyimbo. Masiku amenewo mzimayi sankakana kukavina pokhapokha atagonekedwa m'chipatala, koma zimenezo sizinali zonena mokweza, ngakhale kumunda.

"Chabwino," amalume anatero. "Ndibwera ndidzaone ndi maso anga."

Chamumtima ndinati, ndionetsetse adathetsa nkhosa. Pakamwa ndinathokoza.

Nzeru inandibwerera m'basi pobwerera. Ngati amalume akufuna kuona wodwala, ndiye tiwaonetse wodwala. Nditafika ndinawauza amayi kuti tsiku limene achimwene awo adzabwere, adzagone pamphasa, osasamba, osadzola, kansalu katamangidwa kumutu, beseni lili pambali. Mawindo tidzatseka. Amayi awiri oyandikana nafe, amene tinkapemphera nawo limodzi, adzakhala chakumapazi atazyolika.

Amayi anakana kwamtuwagalu. "Ukufuna undilaule? Munthu wamoyo kugona ngati mtembo, kumeneko n'kuitana imfa."

"Amayi, imfayo yabwera kale, ili m'mimba mwanumo! Sitikunama ayi. Tikungotulutsa kunja zimene zili m'kati kuti amalume azione."

Ndinagwada, ndinawagwira miyendo, ndinalira mpaka mamina. Ndinali ndisanawagwadirepo chotero chikulire changa. Kenako anati, "Dzuka, ukundichititsa manyazi. Ndigona." M'mawa mwake ndinapeza abambo atakhoma chiguduli pawindo lopanda katani.

Amalume anafika Lamulungu masana, atanyamula kathumba ka mapira ndi nsomba zouma. Atangoti odi, amayi anagwera pamphasa, ine n'kuwafunditsa bulangeti. Ndikunena zoona, poyamba zinayenda. Amalume atalowa m'chimdima chija anaima chilili, chipewa chili m'manja. Anakhala pampando pang'onopang'ono, n'kuitana ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Mlongo wanga. Zafika pamenepa?"

Amayi anayankha motsitsa kuti ndi momwemu, achimwene. Nkhope ya amalume inagwa. Ine ndinaona kuti mawa lomwe tikhala tili kuchipatala.

Koma mlendo ndi mlendo, ndipo ameneyu anali atanyamuka mbandakucha m'mimba mulibe kanthu. Ankayenera kuphedwera nkhuku. Tinali ndi tambala mmodzi, wamakani, amene ndinaiwala kumutsekera m'mawa. Ndinatuluka kukamugwira ndili m'diresi la kutchalitchi. Tinazungulira nyumba, tinazunguliranso. Ndinkamva amayi ali m'kati akuyankha mafunso a amalume, koma khutu lawo linali kwa ine.

"Mutsekereze kukhonde," anatero ndi mawu a wodwala.

Tambala anadutsa pakati pa miyendo yanga.

"Ndati kukhonde, iwe!" Mawuwo anali atayamba kubwerera mwakale.

Ndinamutsekerezadi kukhonde, ndipo tambala posowa kolowera anathawira m'nyumba. Anadutsa pamapazi pa amayi a kutchalitchi aja, n'kulunjika kumphasa. Dzanja linatuluka m'bulangeti, kamodzi kokha, gwi! Tambala anali m'manja mwa amayi, miyendo yonse iwiri.

Tambalayo anayamba kulira. Amayi anayang'ana nkhuku, anayang'ana achimwene awo, anayang'ana ine ndili pakhomo wefuwefu. Kenako anadzuka, anamasula kansalu kumutu, n'kumanga nsalu yawo m'chiuno.

"Achimwene anga achoke ku Ngabu kudzadya zosapsa, ine ndili moyo? Bweretsa mpeni."

Anapha, anasosola, anaphika. Anapita okha kumpopi ndi ndowa. Anagwada n'kuwasambitsa m'manja amalume, nthutumba ataiika pamwamba penipeni pa mbale monga amachitira kwa mlendo wolemekezeka. Amalume anadya akuseka, ndipo sikunali kuseka konyoza. Kunali kuseka kwa munthu amene wabwera kumaliro n'kupeza womwalirayo akusesa. Ine ndinakhala kuseri kwa nyumba, ndikuluma nsalu kuti kulira kwanga kusamveke.

Atatha kudya, akuluakulu anakhala pakhonde. Mwana wamkazi sakhala pabwalo lotero asanaitanidwe, koma ine ndinapita, ndipo ndinalankhula nditaimirira.

"Amalume, bodza lija ndi langa, musawanene amayi. Koma matenda si abodza. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Mukadikira kuti agwe, dokotala wati kudzakhala kutachedwa. Tiyeni mawa mukasuzumire nokha m'chipaipimo."

Abambo ananditsinira diso kuti ndikhale pansi. Amalume sanakwiye, ndipo bola akanakwiya.

"Mwana wa mlongo wanga, khala pansi," anatero. "Iwe unali wamng'ono pamene amayi ako aang'ono ankadwala chophuka. Analowa m'chipatala akuyenda okha, mtanga uli pamutu. Amene anavomera kuti awang'ambe ndine. Ndinabwera nawo kumudzi ali m'bokosi, ndipo agogo ako anamwalira osandiyankhulanso bwino. Tinabadwa atatu, tatsala awiri. Lero ukufuna nditenge munthu wogwira tambala ndi dzanja limodzi, ndikamupereke kuti amuyatse magetsi m'mimba? Pakamwa panga ayi. Wodwala timamuona. Akadwala mudzanditumire uthenga."

"Akudwala panopa!"

"Ndamuona," anatero. Nkhani inathera pomwepo.

M'mawa mwake amayi anawaperekeza mpaka kumsewu, chikwama cha amalume chili pamutu pawo. Anabwera akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ndikuganiza kuti mtima wawo unali utapepukadi, chifukwa mwini mbumba anali atanena kuti ali bwino.

Masabata otsatirawo ndinali ngati wamisala. Ndinapita kwa abusa, amene anandiuza kuti nkhani za m'banja la eni sangazilowerere, koma atipempherera. Ndinapita kwa amayi a mvano, iwo anabwera ndi sopo ndi shuga kudzazonda, n'kupeza wodwala ali ku Chigumula akupalira. Nthawi ya chakudya cha masana ndinkathawa ku ofesi n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala. Ndinamupempha dokotala wa magalasi kuti awaopseze amayi, awauze kuti afa sabata yomweyo. Anakana. Ndinamupempha kuti awaitane ngati akungofuna kuwaonanso, akawagoneka angodula osawauza. Anavula magalasi n'kundiuza kuti munthu samudula mokuba, ngakhale ukumufunira zabwino. Ndinamufunsa kuti kachotupako kamatenga nthawi yaitali bwanji kuti kalowe pansi. Anati kwa ena kamachedwa, kwa ena ayi, ndipo palibe angalonjeze.

Amayi ndinkawanyengerera m'mawa, n'kuwakalipira madzulo. Tsiku lina ndinawanamiza kuti tikupita ku Limbe kukagula nsalu, ndipo minibasi itayandikira kuchipatala ndinaimitsa n'kutsika. Iwo anangokhala phee pampando, kondakitala akutikalipira tonse awiri, mpaka ndinakweranso. Timapiritsi ta mutu tokha ndi timene anasiyadi, ati poti adokotala ananena.

Chaka chimenecho ndinadana ndi chimanga. Ndinkapita nawo ku Chigumula Loweruka, ndipo ngaiyaye zitatuluka ndinadziwa kuti nthawi ikutha. Anthu ankasangalala ndi mondokwa, ine ndikuyang'ana kumwamba kupempha kuti mvula isaleke. Masamba anayamba kuuma. Tsiku lina nditapita kuchipatala ndinapeza kachipinda kaja katatsekedwa, pabenchi palibe mzere. Mlendo anali atapita. Ndinakhala pabenchipo mpaka nthawi ya ofesi inadutsa, ndipo sindikumbukira chimene ndinawauza abwana.

Amayi anakolola, anatonola, anathira m'matumba. Nyengo yozizira yonse anali bwinobwino, moti abambo anayamba kunena kuti mwina madokotala aja analakwitsa. Inenso ndinafuna kukhulupirira. Koma kutayamba kutentha anayamba kusiya chakudya m'mbale. Nyama anati ikuwanunkha. Akadya pang'ono ankati akhuta. Nsalu inayamba kuwazungulira mopitirira. Zitumbuwa anasiya, kenako kumunda, kenako kutchalitchi. Pamene mvula ina inkayamba anali osatha kufika okha kuchimbudzi, ndipo chilichonse chimene ameza chinkabwerera.

Ulendo uno uthenga unapita kamodzi kokha. Amalume anasiya munda pakati n'kufika tsiku lotsatira. Atalowa m'nyumba sanafunse funso lililonse. Misewu ya ku Manja inali itakumbika ndi madzi moti galimoto sikanafika pakhomo, ndiye anagwada, tinawakweza amayi kumsana kwawo, n'kuwabereka mpaka kumsewu waukulu. Abambo ankatsatira pambuyo atanyamula mapatapata a amayi.

Kuchipatala tinapeza dokotala wa magalasi yemwe uja. Anatizindikira. Amalume anakonza jekete lawo, anavula chipewa, n'kuima mowongoka.

"Adokotala, ine ndine mwini mbumba. Ndabwera ndekha. Chipaipi chija ndavomera. Chitani."

Dokotala anawagoneka amayi, n'kuyamba kuwasisita pamimba. Dzanja lake linaima pansi pa nthiti. Anakhudzanso m'khosi, pamwamba pa phewa lakumanzere, n'kuimanso. Kenako anatitengera panja, ine, abambo ndi amalume.

"Bambo, chida chija chinapita," anatero. "Koma ngakhale chikanakhalapo, sichikanathandiza. Chotupa chimene ndikuchimva ndi dzanja langa kunja kuno, waya sangachikole. Chalowa pansi, ndipo chafika kale kwina. Ngakhale mpeni wachedwa. Tiwapatsa mankhwala oti asamve ululu."

"Koma ndavomeratu," amalume anatero.

"Ndamva, bambo."

"Panopa akudwaladi. Taonani mmene alili. Ndavomera."

Dokotala anapepesa, n'kulowa kukalemba mankhwala. Tinatsala atatu m'khonde lija, anthu akutidutsa ndi mabeseni ndi mafulasiki. Abambo anatsamira khoma. Ine ndinali ndi mawu amene ndinawasungira amalume chaka chathunthu. Ndinkawanola m'basi, ndinkawanola ndikutayipa, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku lake ndi limeneli. Ndinatembenuka kuti ndiwalavule.

Amalume anandigwira dzanja.

"Mwana wa mlongo wanga, iwe unapita kusukulu. Mwina sanandimve bwino. Talowa ukawauze m'Chingerezi. Ukawauze kuti mwini wake wavomera."

Ndinawayang'ana. Mawu anga onse aja anathawa. Ndinagogoda pachitseko, ndinalowa, ndinaima patsogolo pa tebulo, n'kunena m'Chingerezi cha ku ofesi kuti amalume anga avomera. Dokotala anasiya kulemba, anagwedeza mutu, n'kundipatsira kapepala ka mankhwala.

Madzulo omwewo tinabwerera ku Manja, amalume atawabereka amayi kuchokera kumsewu mpaka m'nyumba. Amayi sanadzukenso.